Chilembo cha x chisatilande ana athu

Amayi anzanga a m'bungwe la Amayi Achikatolika, pali tsiku lina m'moyo wa mwana wasukulu limene ife makolo sitilidziwa, chonsecho limatha kukhotetsa tsogolo lake lonse. Si tsiku la mayeso ayi. Ndi tsiku limene aphunzitsi amalemba pabolodi samu yokhala ndi chilembo pakati pa manambala, monga 3x + 2 = 14, n'kuwauza ana kuti apeze x. Mwana amene wakhala akukhoza kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa kuyambira Sitandade 1 amayang'ana pabolodi paja n'kudzifunsa kuti zilembo zalowa bwanji m'masamu. Ochepa amafunsa. Ambiri amangokhala chete, ndipo m'chetechete momwemo amagamula mumtima kuti masamu si awo.

Masamu a zilembowa, amene dzina lake ndi aljebura, ana athu amayamba kukumana nawo m'makalasi omaliza a ku pulayimale, ndipo akafika Fomu 1 amakhala chakudya cha tsiku ndi tsiku. Maganizo anga pa nkhaniyi ndi awa: samu ya x si yoopsa monga mmene timaiopera. Imavuta chifukwa cha mmene timaiperekera kwa ana, ngati malamulo oloweza opanda tanthauzo. Ndipo inu amayi a ku Ndunde ndi madera ozungulira, ngakhale amene munalekezera Sitandade 4, muli ndi gawo pa nkhaniyi limene mphunzitsi sangathe kuligwira yekha.

Samu imene mumaichita kale

Tiyambe ndi pamsika. Mwatuma mwana ndi K2,000 kuti akagule milu itatu ya tomato ndi mchere wa K200. Wabwerako wopanda chenji. Kodi mulu umodzi wa tomato anagula ndalama zingati? Palibe mayi amene angafune cholembera kuti ayankhe. Mumachotsa kaye ya mchere ija, patsala K1,800. Kenako mumagawa patatu, mupeza K600. Mukafuna kutsimikiza mumawerenganso: milu itatu pa K600 ndi K1,800, kuwonjezera ya mchere yakwana K2,000 ndendende.

Zimene mwachitazi, buku la kusukulu limazilemba chonchi: 3x + 200 = 2,000. Chilembo cha x chija chaimira mtengo wa mulu umodzi, umene poyamba simunaudziwe. Basi. Mwapeza x, mwatsata njira yolondola, ndipo mwachitanso chinthu chimene ana ambiri sachita, chomwe ndi kutsimikiza yankho.

N'chimodzimodzi ndi mayi amene wagulitsa thumba la nandolo la makilogalamu 50, walipira wakabaza K4,000, n'kufika pakhomo ndi K41,000. Akafuna kudziwa ngati venda uja anagula pa mtengo umene anagwirizana, amabwezera kaye ya kabaza ija, zikhale K45,000, n'kugawa ndi 50. Kilogalamu imodzi yagulidwa K900. Kusukulu amalemba 50x − 4,000 = 41,000. Mayi uyu sanachite mantha ndi samuyi chifukwa amadziwa chimene akufunafuna komanso chifukwa chake.

Ndipo musaganize kuti kufanizira x ndi mulu wa tomato n'kupeputsa masamu. Chimodzi mwa zolemba zakale kwambiri za masamu padziko lapansi, chimene chinalembedwa ku Egypt cha m'ma 1550 Yesu asanabadwe, chili ndi masamu ofunafuna nambala yosadziwika, ndipo mawu amene ankatchulira nambalayo amatanthauza mulu. Dzina lakuti aljebura nalonso linachokera m'buku la katswiri wina wotchedwa al-Khwarizmi, amene ankagwira ntchito mumzinda wa Baghdad cha m'ma 820. Mawu Achiarabu akuti al-jabr amatanthauza kubwezeretsa kapena kulumikiza chimene chathyoka, moti ankawagwiritsanso ntchito ponena za kulunzanitsa fupa lothyoka. Katswiriyu analemba masamu ake onse m'mawu wamba, wopanda x ngakhale mmodzi, ndipo zitsanzo zake zambiri zinali za malonda, kuyeza minda ndi kugawa chuma cha masiye. Chizolowezi chogwiritsa ntchito x, y ndi z pa nambala zosadziwika chinadzafala pambuyo pake kwambiri, kuchokera kwa René Descartes wa ku France m'chaka cha 1637.

Taonani ndondomeko yake: anthu anayamba ndi vuto lenileni la pamoyo, analikambirana m'chinenero chawo, zilembo zinabwera pomaliza kudzafupikitsa nkhani. Ife tikuphunzitsa ana chobwerera m'mbuyo. Tikuyamba ndi chilembo, nkhani yake n'kuisiya.

Timizere tiwiri timene timasokoneza ana

Gwero la vutoli nthawi zambiri si x ayi, koma chizindikiro chija cha timizere tiwiri togona. Ali m'makalasi oyambirira, ana amazolowera kunena kuti 3 kuphatikiza 2 zikhala 5, 5 kuchotsera 2 zitsala 3. Zaka zinayi kapena zisanu akunena choncho, mwana amakhazikika m'maganizo akuti timizere tiwiri tija tikutanthauza kuti "lemba yankho apa".

Yesani izi madzulo ano. Lembani pansi ndi kamtengo: 8 + 4 = malo opanda kanthu + 5. Mufunseni mwana wa Sitandade 6 kapena 7 kuti pamalo paja palowe nambala yanji. Musadabwe akanena kuti 12. Ana ambiri, m'mayiko osiyanasiyana, amayankha choncho, chifukwa amaona 8 + 4 n'kuthamangira kulemba yankho osayang'ananso 5 uja. Yankho lolondola ndi 7, pakuti mbali ziwirizo ziyenera kukhala zofanana: uku 12, ukonso 12.

Mwana amene wayankha 12 si mbuli. Sanauzidwe chabe kuti timizere tija ndi sikelo. Munthu amene anayambitsa chizindikirochi m'chaka cha 1557, Robert Recorde wa ku Wales, yemwe analinso dokotala, anasankha mizere iwiri yofanana kutalika poona kuti palibe zinthu zina ziwiri zofanana kuposa imeneyi. Chizindikirochi chimangonena kuti za mbali iyi n'zolemera chimodzimodzi ndi za mbali inayo.

Ndani amadziwa sikelo kuposa inu? Sindikunena sikelo yopachika ya ana kuchipatala kapena ya mavenda, koma ija ya mbale ziwiri, yoika mwala uku, nyama kapena shuga uku. Sikelo imeneyi ili ndi lamulo limodzi lokha. Ikakhala yalingana, chilichonse chimene wachita mbale imodzi uchitenso mbale inayo, apo ayi ipendekeka. Ukachotsa uku, chotsanso chomwecho uko. Ukagawa pakati uku, gawanso pakati uko. Njira yonse yopezera x m'masamu a Sitandade 8 ndi Fomu 1 yagona pa lamulo limeneli.

Lamulo la kuwoloka mtsinje

M'makalasi ambiri ana amaphunzitsidwa njira yachidule: nambala ikawoloka kupita tsidya lina la timizere tija, imasintha chizindikiro. Ya kuphatikiza isanduka ya kuchotsera, ya kuchotsera isanduka ya kuphatikiza. Ana amaloweza ngati nyimbo. Sindikunena kuti lamuloli ndi labodza. Limagwira ntchito, ndipo munthu amene wamvetsa kale za sikelo akhoza kuligwiritsa ntchito kuti afulumire. Chimene ndikutsutsa n'kuyamba nalo.

Chifukwa chake n'chakuti manambala sawoloka. Palibe nambala imene imanyamuka n'kudumpha. Chimene chimachitika n'chakuti tachotsa nambala yomweyo mbali zonse ziwiri. Mwana amene sanaone zimenezi amagwiritsa ntchito lamulo lija paliponse. Mukam'patsa 3x = 15, iye amawolotsa 3 uja, n'kumusintha chizindikiro, n'kulemba kuti x ndi 15 kuchotsera 3, yankho 12. Watsata lamulo mokhulupirika, koma walakwa. Akanakhala kuti akuganiza za milu itatu yogulidwa pamodzi pa 15, sakananena kuti mulu umodzi ndi 12. Akanagawa, n'kupeza 5.

Choopsa kwambiri n'chakuti mwana wotere sadziwa chifukwa chimene walakwira. Dzulo lamulo linam'patsa chongi, lero lomwelo lam'patsa mtanda wofiira. Amayamba kuona masamu ngati ula, zongodalira mwayi. Akalakwa kanayi kasanu amasiya kuyesa. Aphunzitsi n'kulemba kuti ndi waulesi, ife kunyumba n'kuvomereza kuti mutu wake si wa masamu, chonsecho vuto linali laling'ono, lotheka kukonza ndi mabokosi a machesi.

Mabokosi a machesi ndi nyemba

Nayi njira imene mungayese pakhonde panu, yosafuna ndalama. Sonkhanitsani mabokosi a machesi otha anayi ndi kambale ka nyemba kapena chimanga. Mwana asakuona, ikani nyemba zinayi m'bokosi lililonse. Jambulani mzere pansi. Mbali imodzi ikani mabokosi atatu ndi nyemba ziwiri zapadera. Mbali inayo ikani bokosi limodzi ndi nyemba khumi zapadera. Muuzeni mwana zinthu ziwiri zokha: mabokosi onse ali ndi nyemba zofanana, ndipo mbali ziwirizi zili ndi nyemba zofanana. Apeze kuti m'bokosi limodzi muli zingati, osatsegula.

Musafulumire kumuuza chochita. Mulekeni ayang'ane. Posakhalitsa aona kuti akhoza kuchotsa bokosi limodzi uku ndi limodzi uko, zinthu n'kukhalabe zofanana. Kenako achotsa nyemba ziwiri uku ndi ziwiri uko. Patsala mabokosi awiri mbali imodzi, nyemba zisanu ndi zitatu mbali inayo. Bokosi lililonse lili ndi zinayi. Tsopano atsegule aone yekha. Nkhope imene mwana amaonetsa akapeza kuti nyemba zilimodi zinayi ndi imene imam'bwezera ku masamu.

Akachita zimenezi kangapo, ndi manambala osiyanasiyana, m'pamene mungamuuze kuti alembe m'kope zimene wachita. Mabokosi atatu ndi nyemba ziwiri ndiye 3x + 2. Bokosi limodzi ndi nyemba khumi ndiye x + 10. Samu yonse ndi 3x + 2 = x + 10, imene ana ambiri a Fomu 1 amaithawa. Chenjezo limodzi lokha: mwana adziwe kuti x si bokosi, ndi nambala ya nyemba zimene zili m'bokosimo. Akasokoneza ziwirizi adzavutika kutsogolo.

Palinso sewero lina lochita mukusenda chimanga kapena mukupita kumjigo. Nenani kuti, "Ndaganiza nambala. Ndaichulukitsa ndi 2, ndawonjezera 6, ndapeza 20. Ndinaganiza nambala yanji?" Mwana aphunzire kubwerera m'mbuyo. Zili ngati kumasula katundu panjinga: chingwe chimene chinamangidwa pomaliza ndicho chimayamba kumasulidwa. Pomaliza tinawonjezera 6, ndiye tiyambe tachotsa 6, patsala 14. Tisanatero tinachulukitsa ndi 2, ndiye tigawe ndi 2, tipeza 7. Kenako musinthane, iye aganize nambala, inu mupeze. Ana amakonda kwambiri kuyesa mayi awo.

Ndipo pa samu iliyonse, funso lanu likhale limodzi: "Watsimikiza bwanji?" Ubwino wa masamu a x ndi wakuti mwana akhoza kudzichonga yekha. Abwezere yankho lake pamalo pa x, aone ngati mbali ziwiri zalingana. Amene anapeza 12 pa 3x = 15 akangoyesa, aona kuti 3 kuchulukitsa ndi 12 ndi 36, osati 15, ndipo adziwa yekha kuti china chake chalakwika. Funso limeneli mayi aliyense akhoza kufunsa, ngakhale amene sadziwa kuwerenga. Ndi funso lomwe lija mumafunsa mwana akabwera ndi chenji chosakwana.

Nanga poti mayeso ndi a m'Chingerezi?

Ena mwa inu anena kuti zonsezi n'zabwino, koma mayeso a MANEB amabwera m'Chingerezi, ndiye kuphunzitsa mwana m'Chichewa kapena m'Chilomwe kapena m'Chiyao n'kumuchedwetsa. Nkhawa imeneyi ndi yomveka. Kuyambira Sitandade 5 mabuku a masamu ndi a m'Chingerezi, ndipo mwana ayeneradi kudziwa mawu monga equation ndi solve kuti amve funso.

Koma taganizirani katundu amene mwana wa zaka 12 kapena 13 akusenza nthawi imodzi. Akulimbana ndi ganizo latsopano, la nambala yobisika, ndipo akulimbananso ndi chinenero chimene sachiyankhula kunyumba. Akalephera sitidziwa n'komwe kuti wagwa ndi katundu uti. Mukam'tula mmodzi, n'kumulola amvetse ganizolo m'chinenero chimene amalotera, mawu a Chingerezi amadzangokhala dzina latsopano la chinthu chimene akuchidziwa kale. Kuloweza dzina la munthu amene wakumana naye n'kosavuta kusiyana n'kuloweza dzina la munthu amene sunamuonepo. Nkhani ya chinenero pophunzitsa masamu si yongoganizira pano ayi. Akatswiri athu, monga Pulofesa Mercy Kazima wa ku University of Malawi, akhala akuifufuza kwa zaka zambiri.

Chimene chili pangozi

Mwina mukufunsa kuti nkhani ya x ikufuna chiyani m'magazini ya zaumoyo ndi chitukuko. Yankho lili pafupi, m'boma lathu lomwe lino la Chiradzulu. Ku Nguludi kuli chipatala cha St Joseph's ndi koleji yake yophunzitsa anamwino ndi azamba. Ndi amayi angati a ku Ndunde amene amalakalaka kudzaona mwana wawo atavala yunifolomu yoyera? Khomo lolowera kumeneko ndi satifiketi ya MSCE yokhala ndi zotsatira zabwino m'maphunziro a sayansi, ndipo sayansi ya ku sekondale, makamaka Physics ndi Chemistry, imayenda ndi masamu a zilembo. Mtsikana amene anagonja kwa x ali Sitandade 8 amadzitsekera khomo la unamwino zaka zinayi asanalifike, iye osadziwa.

Ndipo namwino samasiya x pakhomo la koleji. Tiyerekeze kuti m'botolo la mankhwala a madzi muli mamiligalamu 120 m'mamililita 5 alionse, ndipo dokotala walemba kuti mwana alandire mamiligalamu 180. Namwino ayenera kupeza mamililita oti ayeze. Mililita imodzi ili ndi mamiligalamu 24, choncho 24x = 180, ndipo x ndi mamililita 7 ndi theka. Sindikuti muziwerengera nokha mankhwala kunyumba. Imeneyo ndi ntchito ya achipatala. Ndikuti moyo wa mdzukulu wanu tsiku lina udzakhala m'manja mwa munthu amene anaphunzira samu imeneyi, ndipo mudzafuna kuti akhale woimvetsa, osati woiloweza.

Ngakhale mwana amene sadzafika ku koleji, samuyi imamuteteza. Tengani banki m'khonde. Mayi wabweza K24,000, ndipo pagulupo chiwongoladzanja ndi 20 kwacha pa 100 kwacha iliyonse. Kodi anabwereka zingati? Ambiri amathamangira kuchotsa 20 peresenti pa K24,000, n'kupeza K19,200. Koma yesani kutsimikiza: chiwongoladzanja cha K19,200 ndi K3,840, zonse pamodzi K23,040. Sizinakwane. Njira yake ndi iyi: chiwongoladzanja ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a ngongole. Ngongole ndi magawo asanu, chiwongoladzanja gawo limodzi, onse pamodzi asanu ndi limodzi. Gawani K24,000 ndi 6, gawo lililonse ndi K4,000. Ngongole inali K20,000. Kusiyana kwa K800 kumeneku ndi kumene kumadanitsa anthu a mphakati umodzi pa tsiku logawana ndalama. Munthu wodziwa kubwerera m'mbuyo ndi kutsimikiza sapusitsidwa msanga ndi wakatapila, ndi venda, kapena ndi uthenga wa pafoni wolonjeza phindu losatheka.

Mawu amene tiyenera kuleka

Pali chinthu chimodzi chimene chili m'manja mwathu kotheratu, ndipo ndi pakamwa pathu. Mwana akabwera ndi kope lodzaza mitanda yofiira, timamutonthoza ndi mawu akuti, "Usadandaule, nanenso masamu ankandikanika, kwathu kuno kulibe wa masamu." Kwa mtsikana timawonjezera kuti masamu ndi a anyamata. Timanena mwachikondi, koma tikum'patsa chilolezo chosiya. Mawu a mayi ndi olemera kuposa a mphunzitsi. Mphunzitsi akanena kuti ukhoza, mayi n'kunena kuti n'zakumtundu, mwana amakhulupirira mayi.

Komanso mawuwa si oona. Mayi amene amadyetsa banja la anthu asanu ndi awiri ndi matumba owerengeka a chimanga mpaka kukolola kwina, amene amasunga buku la zopereka za bungwe, amene amadziwa phindu la mandasi asanawakazinge, sanganene kuti masamu amam'kanika. Chimene chinam'kanika ndi masamu a pabolodi, operekedwa m'chinenero chachilendo ndi chikwapu pambali.

Auzeni ana anu aakazi za Maria Gaetana Agnesi, mayi Wachikatolika wa mumzinda wa Milan ku Italy, amene anabadwa m'chaka cha 1718. M'chaka cha 1748 anasindikiza buku lalikulu lophunzitsira achinyamata masamu, loyambira pa aljebura yemweyu, ndipo analilemba m'Chitaliyana, chinenero cha kwawo, pa nthawi imene mabuku ambiri a akatswiri ankalembedwa m'Chilatini. Papa Benedict XIV anachita chidwi ndi ntchito yake, moti m'chaka cha 1750 anam'patsa udindo wa uphunzitsi wa masamu pa yunivesite ya Bologna. Zaka zotsala za moyo wake anazipereka potumikira osauka, odwala ndi okalamba, mpaka anamwalira m'chaka cha 1799. Mwa mayi mmodzi yemweyu munali masamu, pemphero ndi chifundo. Ngati Papa wa zaka za m'ma 1700 anaona kuti mkazi akhoza kuphunzitsa amuna masamu, ife tikuuziranji ana athu zosiyana lero?

Palinso nkhani ya nthawi. Samu ya x imafuna kuti munthu akhale pansi, ayese, alakwe, ayesenso. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma m'makomo ambiri mnyamata akaweruka amapeza mpata wotsegula kope, pamene mlongo wake akupita kumjigo, kenako kunkhuni, kenako kukhitchini, n'kudzagwira kope kutada, maso akulemera. Tikadzaona zotsatira tidzati anyamata ndiwo a masamu, pamene tinawagawira nthawi mosiyana ndi ife tomwe. Theka la ola dzuwa lisanalowe, tsiku lililonse, mtsikana atakhala pansi ndi kope lake mlongo wake akutunga madzi, lingasinthe zambiri.

Si kulanda ntchito ya aphunzitsi

Wina anena kuti kuphunzitsa ndi ntchito ya aphunzitsi, amalandirira malipiro. N'zoona, ndipo sindikufuna kuti nkhani ino ikhale mlandu wa aphunzitsi. Chiyambire maphunziro aulere a ku pulayimale m'chaka cha 1994, pamene chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha pa 3 miliyoni m'kanthawi kochepa, makalasi athu akhala odzaza. Mphunzitsi amene ali ndi khamu la ana patsogolo pake, silabasi yoti amalize ndi mayeso a PSLCE akumuyembekezera, amakopeka ndi njira yachidule ya kuwoloka chifukwa imaoneka yofulumira. Sangathe kukhala pansi ndi mwana aliyense n'kumufunsa kuti wapeza bwanji 12. Inu mungathe, chifukwa anu ndi awiri kapena atatu.

Mpingo wathu, pa Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican m'chaka cha 1965, unaphunzitsa momveka kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba ndi ofunika kwambiri a ana awo. Nthawi zambiri timamva mawu amenewa ngati akunena za katekisimu ndi mapemphero okha. Koma mwana amene Mulungu anatipatsa ndi wathunthu, mzimu ndi nzeru zomwe. Kumusiya akhulupirire bodza lakuti mutu wake ndi wouma, pamene tikanatha kum'thandiza ndi nyemba zochepa, n'kukwirira mphatso imene tinapatsidwa kuti tiisamale.

Ndiye ndikupempha zinthu zitatu kwa inu monga bungwe. Choyamba, pa msonkhano wanu wotsatira, mukatha mapemphero ndi malipoti, patulani mphindi 20 muyesere limodzi za mabokosi a machesi zija. Museka, mutsutsana, koma aliyense abwerera kunyumba akudziwa chochita. M'parishi iliyonse muli aphunzitsi, ena opuma pantchito, komanso achinyamata amene anamaliza Fomu 4 ali pakhomo. Apempheni adzakuthandizeni, ndipo mwina angavomere kukumana ndi ana a Sitandade 7 ndi 8 a mumphakati mwanu kamodzi pa sabata.

Chachiwiri, amene muli m'makomiti a sukulu, m'bungwe la makolo ndi aphunzitsi kapena m'gulu la amayi a pasukulu, kafunseni funso limene silifunsidwa kawirikawiri. Timafunsa za zimbudzi, za phala, za njerwa, ndipo n'zofunika. Koma kafunseninso mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, ana athu akuvutika pati m'masamu, ndipo ife tingathandize bwanji?" Mwina adzakuuzani kuti akusowa mabokosi, timitengo kapena sikelo ya mbale ziwiri. Mmisiri wa m'mudzi akhoza kupanga sikelo yotere ndi thabwa, chingwe ndi zitini ziwiri.

Chachitatu, gwirizanani kuti mawu akuti "masamu ndi a anyamata" ndi akuti "kwathu kulibe wa masamu" asatulukenso pakamwa pa mayi wa bungwe lino, ndipo mukamva mnzanu akuwanena mum'kumbutse mwachikondi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amene akumva mawuwo akhoza kukhala mzamba amene adzathandize mpongozi wanu pobereka.

M'mera mpoyamba, amayi. Mwana wa Sitandade 7 sanagamule kotheratu za masamu, akadali pa mphambano. Madzulo ano, moto ukuyaka, muitaneni, mum'funse za milu itatu ya tomato ndi mchere wa K200. Akayankha kuti K600, muuzeni kuti ameneyo ndiye x amene wakhala akumuopa, ndipo wam'peza yekha.